Giya wa Achimwene

Achimwene anga atadwala sitiroko, dzanja lawo lamanja linangogona pamwendo ngati si lawo. Mwendo unayamba kumvera pang'onopang'ono, pakamwa panabwerera m'malo mwake, koma dzanja lokha ayi. Kuchipatala anawauza mosabisa kuti akapanda kulichititsa mafizo tsiku ndi tsiku, zala zidzapindikiratu osadzatambasukanso. Anawapatsa kampira koti azifinya. Kampirako anakaponya kuseri kwa nyumba ndi dzanja lamanzere, ati iwo si mwana wa sukulu ya mkaka. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akumasula ndi kumanga mainjini a maboti, kuyambira ku Malindi kumene anakwatira mpaka ku Nkhudzi, tsopano ankangokhala pakhonde kuyang'ana nkhuku. Ine mlongo wawo zinkandiwawa, ndipo ine zikandiwawa ndimalalata. Ndinalalata mpaka pakhosi kuuma, koma sizinathandize.

Tili ana tinkakhala pa boma la Mangochi, kufupi ndi msika, ndipo ababa ankagwira ntchito m'nyumba ya mzungu wina ku Joni. Chaka china anabwera ndi katoni ya zinthu zimene ana a bwana wawo anatopa nazo. Munali kativi kosaonetsa mitundu, wailesi ya kaseti, makaseti angapo, ndi kabokosi kakuda ka mabatani ofewa ngati chofufutira cha kusukulu. Ababa anati kabokosiko ndi kompyuta. Nthawi imeneyo m'Malawi muno munalibe nyumba youlutsira kanema, ndiye tivi ija ukaiyatsa payokha inkangothwanima timadontho ndi kuchita phokoso. Anthu oyandikana nafe anawaseka ababa kuti asenza bokosi lopanda kanthu ulendo wonse wa ku Joni. Analeka kuseka tsiku limene achimwene analumikiza mawaya, pagalasi paja n'kutuluka zilembo.

Gemu sinkangobwera. Unkalowetsa kaseti mu wailesi, kulemba mawu amodzi pa mabatani aja, n'kuyatsa. Kaseti inkayamba kulira, tswiii, kenako kukhuluza ngati nkhululu yapsa mtima, m'mbali mwa galasi mukuthamanga mizere. Kudikira kwake munthu unkatha kupita kumsika kukagula zitumbuwa n'kubwerako isanathe. Wina akangogunda tebulo, kapena magetsi akangophethira, basi zonse zathera pomwepo, ubweze kaseti ndi cholembera uyambirenso. Ndiye achimwene ankatikhazika pamkeka tonse, ana a nyumba zinayi kapena zisanu, osaloledwa ngakhale kutsokomola. Amayi ankati kulirako n'kwa majini, ndipo azana ikamveka kumzikiti ankabwera kudzazula waya kukhoma osafunsa kuti gemu yafika pati. Tinkalira misozi yeniyeni.

Ikalowa bwino, pankatuluka kamunthu kodumpha maenje m'phanga, kakutola makiyi. Tinkakayendetsa ndi kandodo koima pa kabokosi kake, kokhala ndi batani lofiira pamwamba. Achimwene anakatcha giya chifukwa kankafanana ndi giya wa lole. Iwo ndiwo anali mwini giya. Ankati atsikana amathyola zinthu, ndiye kuti ine ndigwireko ndinkayenera kuwatsukira kaye nsapato za kusukulu. Ndikafa pa dzenje loyamba lomwe ankaseka mpaka kugubuduka, ine n'kuwatsina pantchafu. Sindinawaposepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo mpaka lero zimandinyansa.

Tinakula, tivi ija inafa, ababa ndi amayi anatisiya. Makina aja achimwene anapita nawo ku Malindi, ine n'kuwaiwala.

Amene anandikumbutsa ndi mwana wanga wamkazi, amene amaphunzira zamakompyuta ku Blantyre. Atabwera patchuthi, masana ena anandiitana ndikuchapa.

"Amayi, gemu yanu ija mumakonda kunena, si iyi?"

Pa laputopu pake panali kamunthu komwe kaja, phanga lomwe lija, ndi kanyimbo kake kothina m'makutu. Anandifotokozera kuti pali pulogalamu imene imachititsa laputopu kudziyesa makina akale aja, ndipo magemu onse a nthawi imeneyo anthu anawasunga pa intaneti. Palibe kaseti, palibe kudikira, ungodina basi yabwera. Ndinakhala pansi manja ali thovu lokhalokha. Ndinamva fungo la nyumba yathu ija, la mkeka ndi mafuta a nyale, ndinawamva amayi akukokera patapata pasimenti. Ndinalira, mwana n'kuchita mantha kuti walakwa. Nditapukuta misozi, nzeru inandibwerera: munthu wokana kampira, gemu yake yomwe angaikane?

M'mawa mwake tinawoloka mlatho wa Shire pa matola kupita ku Malindi, laputopu ili m'chikwama pamiyendo panga. Tinawapeza achimwene pakhonde pomwe paja. Mwana anawaikira laputopu pampando, ine ndikumwetulira ngati ndabwera ndi mankhwala a ku India.

Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anadina batani limodzi ndi chala chakumanzere, kamunthu kanadumpha, iwo n'kubweza dzanja.

"Iyi si gemu yathu."

"Ndi yomweyo, anjomba," anatero mwana. "Palibe kadontho kosiyana."

"Nanga makoma achikasu awa achokera kuti? Yathu inali yoyera ndi yakuda."

"Mitunduyo inalimo kuyambira kale. Tivi yanu ndi imene sinkaonetsa. Mukafuna ndiichotsa pompano."

Anaichotsadi, phanga lonse linasanduka lotuwa. Achimwene anangopukusa mutu.

"Chinthu chobwera usanachiitane n'komwe. Yathu inkatidikiritsa, ikafika unkadziwa kuti wavutikira. Giya ali kuti?"

"Mabatani awa ndiwo giya, anjomba."

"Ndiye uzidina wekha, mwanangu."

Apa ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, kuti mwana wavutika kufunafuna, kuti gemu ndi gemu kaya ili m'bokosi lakuda kaya pa laputopu. Ndinawauzanso kuti matenda awapatsa mwano. Iwo anandiyankha modekha, zimene zimandipsetsa mtima kuposa kutukwanidwa.

"Achemwali, chambo cha pa kalendala n'chokongola, koma simungakazinge."

Ndinawasiya ndi kupita kuseri kumene alamu anga, akazi awo, ankapala nsomba. Ndinawafunsa ngati katoni ija ikadalipo. Anati ilipo m'chipinda chosungiramo katundu, pansi pa maukonde akale. Ndinawapempha kuti aitulutse, aipukute fumbi, ife tibweranso Loweruka ndi tivi yakale. Kunena zoona sindinkakhulupirira kuti makina a zaka zonsezo angayake. Ndinkangofuna kuti achimwene asowe chonamizira.

Tivi tinabwereka kwa bambo wina wokonza mawailesi kumsika, ija ya chimsana chachikulu, yolemera ngati thumba la simenti. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Mangochi lija loti nsapato za pulasitiki zimamata pa tala. Titafika ku Malindi, alamu anatichingamira akusangalala.

"Alamu, katundu wanu ndamusamala. Ankanunkha chinyontho ndi mphemvu, ndiye ndamuyanika kuyambira dzana."

Ndinathamangira kuseri. Pa thandala loyanikapo nsomba, mbali ina usipa, mbali ina kompyuta ya ababa, wailesi, giya, ndi makaseti onse atandandalikidwa bwinobwino motalikirana kuti dzuwa lifike paliponse. Ankawatembenuzanso masana, monga amachitira ndi usipa. Makaseti anali atapindika m'mbali, ena atatseguka pakamwa, tepi yamkati itamatana. Kompyuta inali yotentha yoti sungaigwire ndi manja.

Abale inu! Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe. Koma kwathu kuno chilichonse chonunkha chinyontho mankhwala ake ndi dzuwa, kaya matiresi, kaya ufa, kaya zovala za m'sutikesi. Alamu anachita zimene aliyense wa kunyanja akanachita. Komanso ndinaona manja awo, manja amene kwa miyezi yonseyi akhala akusambitsa achimwene, kuwaveka, kuwamangira mabatani a malaya, osadandaula kwa munthu. Ndinameza mawu anga. Ndinangoti, "Zikomo alamu, mwagwira ntchito."

Tinalowetsa zonse m'nyumba n'kudikira kuti zizizire. Achimwene anali pakhonde, atatipatsa msana, ngati sizikuwakhudza. Mwana analumikiza mawaya, nayang'ana kwa ine, n'kuyatsa. Galasi linathwanima timadontho, iye akupotokola kabatani kofufuzira siteshoni, kenaka linayera, pansi pake n'kutuluka kamzere ka zilembo komwe kaja. Alhamdulillah! Kabokosi ka ababa kanapirira mphemvu, chinyontho ndi dzuwa la alamu.

Koma makaseti anali atatha ntchito. Tinayesa imodzi yooneka bwinoko, wailesi inangoitafuna. Ndinakhala pampando nditafooka.

"Musadandaule, amayi," anatero mwana. "Kulira kwa kaseti kuja nakonso anthu anakusunga pa intaneti. Ndikuliza pa foni, kudutse pa waya kulowa m'makinamo. Makinawo sadziwa kuti akumvera foni."

Ine ndinaona ngati tikuwanamiza makinawo, koma ndinangoti yesa. Analemba mawu aja, anadina pa foni. Tswiii! Mizere inayamba kuthamanga m'mbali mwa galasi, kenako inaima, osalowa kanthu. Anayambiranso, chimodzimodzi. Tili mkati moyesanso tinamva ndodo ikugogoda simenti, ndi phazi lokokedwa pambuyo pake. Achimwene anaima pakhomo.

"Kweza mawu. Sizingalowe choncho, makina amenewa ndi ogontha."

Mwana anakweza mpaka kumapeto. Iwo anadzikokera pampando pafupi ndi tebulo, natiyang'ana tonse ndi diso lija la kale.

"Wina asagunde tebulo."

Tinakhala chete, ine, mwana ndi alamu ataima pakhomo la kukhitchini. Ine gogo wa zidzukulu ndinkaopa kutsokomola. Kulirako kunapitirira, kunapitirira, mpaka kunaduka mwadzidzidzi. Phanga linatuluka, kamunthu kataima pakona kudikira. Tivi yobwerekayo inali ya mitundu, makoma anali achikasu ngati pa laputopu paja, koma achimwene sananenepo kanthu.

"Giya," anatero.

Ndinawapatsira. Kandodo kanangogwera kumbali, lendee, osaimanso. Achimwene anamutembenuza giyayo ndi dzanja lamanzere nandiuza kuti ndimasule pansi pake ndi mpeni. M'katimo munali zinyenyeswa zakuda zokhazokha. Ndiye anatiuza kuti sipuling'i yake inathyoka kalekale tili ana, iwo n'kumangapo mphira ya chubu cha njinga mobisa kuti ababa asadziwe. Mphirayo inakhala zaka zonsezi, koma dzuwa la pa thandala linaimaliza. Alamu anayang'ana pansi, kenako anatuluka mwakachetechete n'kubwera ndi mphira yomangira katundu panjinga ndi lumo.

Ndinadula kachidutswa n'kuyamba kumanga. Pamafunika kupanikiza nsonga imodzi pa kachitsulo, uku ukukoka inayo mozunguliza tsinde la kandodo. Ndikakoka, nsonga inkapulumuka n'kundimenya pachala. Ndikapanikiza, kandodo kankapendama.

"Osati choncho."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa chiyani? Mukumanga ngati mtolo wa nkhuni. Yambirani pansi."

Ndinayambira pansi, mphira inathawanso.

"Achemwali, zaka zonsezi manja anu akadali a nthochi?"

"Ndiye mangani nokha, poti ndinu odziwa!" Ndinawaponyera giyayo pamiyendo. Mawuwo atangotuluka ndinakumbukira amene ndikulankhula naye. Mwana anandiyang'ana mwamantha.

Achimwene anamuika giya pa tebulo. Anayesa ndi dzanja lamanzere lokha, mphira inathawa. Anayesa kupanikiza ndi chigongono, giya anatsetsereka. Ndinatambasula dzanja kuti ndiwagwirire, iwo anandikankha. Anapuma mwamphamvu. Kenako anagwira dzanja lawo lamanja pamkono, analinyamula kulichotsa pamwendo, n'kuliika pa tebulo. Anatambasula chala chachikulu pogwiritsa ntchito zala za dzanja linalo, nachikhazika pa nsonga ya mphira.

Anayamba kukoka. Mphira inatalika, ine ndikudikira kuti ithawa. Chala chija chinanjenjemera, mtsempha unatuluka pamkono, thukuta likutsika m'khosi mwawo. Ndinaona chikhadabo chikuyera chifukwa chopanikiza. Sichinali kungogona pamphirapo ayi, chinali kugwira. Anazunguliza kamodzi, anazungulizanso, nsonga ili pomwepo.

Alamu anatseka pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Ine misozi inali ikugwera pa bulauzi, osaipukuta n'komwe, poopa kugunda tebulo. Achimwene sanadzutse mutu.

"Mukulira chiyani, kwafa munthu? Achemwali, bweretsani lumo mudule apa. Changu, dzanjali latopa."