Pepala la Boma Likuti Ndine Wamisala

Anabwera m'mawa, ine ndikusenda chinangwa pakhonde. Asipayi awiri, apolisi akuda a Mpwitikizi, zipewa zofiira kumutu. Wamkuluyo sanapereke moni. Anangoti shefu, mzungu wa boma wa ku Mandimba, akufuna mkazi mwini munda umene thonje silinamere. Ndinayang'ana mayi anga, mayi anga anayang'ana pansi. Ndinasamba m'manja, ndinamanga nsalu, ndinatsogola.

Zinali zaka za m'ma 1950, mvula itakhazikika, ine nditangokwatiwa kumene kwathu ku Mitande. Ana inu simulidziwa thonje la masiku amenewo. Boma linkapereka mbewu, kapitawo n'kuyeza munda ndi chingwe, iwe n'kulima, kufuna kaya kusafuna. Thonje sadya. Chimanga chathu chinkafa ndi udzu ife tili chiweramire m'thonje la eni.

Mayi anga, mkazi wamfupi wosalankhula kawiri, ndiwo anabweretsa nzeru m'mudzi. Anati mbewuzo tiziyamba taziphika, tiziyanika, kenako tizibzala pamaso pa kapitawo m'mizere yowongoka bwino. Zikakana kumera, azungu adzati nthaka yathu ndi yoipa, adzatisiya. Anzanga ankasiyako zina zaziwisi kuti m'munda muzioneka kamtengo apa, kamtengo apo. Ine mtsikana wakhama ndinaphika zonse, ndi nkhuni zambiri. Munda wanga unangoti mbee ngati bwalo la mzikiti.

Ku ofesi funso linali limodzi: ndani anakuphunzitsa? Tonse tinkadziwa kuti wophika amamenyedwa n'kubwerera, koma wophunzitsa amamutumiza kuzilumba za kutsidya kwa nyanja yamchere, ndipo kumeneko sitinaonepo wobwerako. Mayi anga, amene ankadwala chifuwa, sakadafika ngakhale kudoko.

Anatulutsa mbalamatodya, thabwa lokhala ndi mabowo lomenyera m'manja. Sipayi woligwira anandiuza motsitsa mawu, "Tambasula bwino, mlongo. Ukapinda chala chithyoka." Ndinatambasula. Za tsiku limenelo ndilemba zokhazi: kwa masiku angapo mayi wina wachiyao wa m'chipinda chimene anatitsekera ndiye ankandiika chakudya m'kamwa.

Sindinkaopa thabwa kwenikweni. Ndinkaopa pakamwa panga. Munthu akamva kuwawa amaitana mayi wake, ndipo ine dzina limene ankalifunalo linali lomwelo. Ndinalimva likukwera pakhosi. Ndiye ndinati pakamwa pasakhale popanda ntchito, ndipapatse nyimbo.

Kwathu mkazi zimene sangathe kunena amakaziimba pamtondo. Apongozi akuuma manja, mwamuna woyendayenda, zonse zimatuluka ndi munsi, ndipo nyimbo ya pamtondo saitengera ku bwalo la milandu. Atandifunsanso, ndinayamba kupondaponda phazi ngati munsi, n'kuimba:

Thonje iwe, thonje iwe, wakana wekha kumera,
Funsani nthaka, funsani mvula, ine ndinangobzala.

Shefu anafiira makutu. Anafunsa dzina la mwamuna wanga, ndinaliimba. Anafunsa mudzi, ndinauimba, ndi kolowera kwake ndi mitengo yake. Anafunsa wondiphunzitsa, ndinabwerera ku thonje iwe, thonje iwe. Atatopa anati anditumize kwa mkulu wake ku Cuamba.

Tinapita pa galimoto yonyamula matumba, chingwe m'chiuno. Ku Cuamba anatitsekera m'kalaboso, ndende yawo ija, kazenera kamodzi m'mwamba, ndowa imodzi pakona. Masana tinkasenza dothi m'madengu kukwirira maenje a msewu. Mlonda wina ankakonda kunena kuti msewu sutha, amatha ndi anthu. Mwezi wa Ramadhani unatipeza momwemo, ndipo tinkaseka kuti chaka chino Mpwitikizi watithandiza kusala. Ine osasiya kuimba. Pofuna madzi ndinkaimba, poyankha dzina m'mawa ndinkaimba, mpaka amayi anzanga ena anayamba kugona motalikirana nane.

Chimanga chitayamba kuuma anandiimika pamaso pa mkulu uja. Womasulira wake anali bambo wa kumapiri a Ngauma, wodziwa Chiyao ndi Chinyanja chomwe. Nditangoyamba kuponda phazi ndinaona m'maso mwake kuti waizindikira nyimbo ya pamtondo, wadziwa kuti mutu wanga uli bwinobwino. Mzungu anamufunsa kuti mkaziyu akuti chiyani. Bamboyo anayang'ana manja anga nthawi yaitali, kenako anayankha mawu amodzi okha a Chipwitikizi. Mzungu analemba, anandidinditsa chala papepala, n'kukupiza dzanja ngati akuingitsa ntchentche.

Ponditulutsa, womasulira uja anadutsa pafupi osandiyang'ana. "Mayi anganso amasinja," anatero. "Musasiye kuimba mpaka mutafika kwanu."

Ndinaimbadi, njira yonse, wapansi. Ndinapeza mayi anga akukolola, amoyo, chifuwa chawo chomwe chija. Anagwira manja anga, kuwatembenuza uku ndi uku, osalira. Kenako anati, "Iwenso, kuphika zonse?" Tinaseka mpaka kukhala pansi m'mapesi.

Koma chinthu chimodzi chinandikhala mumtima. Tsiku la thabwa lija pali pamene ndinachita mdima m'maso. Kodi sindinaitane dzina la mayi? Kodi sanalembe? Galimoto ya boma ikalira pamsewu ndinkati abwerera mayi. Ngakhale mbendera itasintha, ngakhale mayi atagona ndi ukalamba wawo m'manda a kwathu, funsolo silinagone.

Chaka chatha mdzukulu wanga wamkazi, amene amaphunzira za mbiri yakale ku Maputo, analowa m'nyumba yosungira mapepala akale a boma. Akuti ambiri anapsa, ena ananyowa, ena anadyedwa ndi chiswe, koma mitolo ina ya kuno idakalipo, yomangidwa ndi zingwe. Anafufuza za thonje, anapeza dzina langa. Analijambula pa foni pepalalo, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kubwera nalo.

Zilembo ndinaziphunzira nditakula, kusukulu ya akuluakulu, ndipo Chipwitikizi chimandipitirira. Koma chala changa ndinachidziwa, chotupa, chachikulu ngati cha mwamuna. Mdzukuluyo ankazengereza kuwerenga. Anati agogo, mawu ake si abwino. Ndinati werenga, mwana iwe, anandimenya kale. Pepala likuti mkazi uyu ndi wamisala, amangoimba, akudya chakudya cha boma pachabe, abwerere kwawo.

Ndinamuuza kuti abwereze pang'onopang'ono, ayang'ane ndi m'mphepete momwe chiswe chinaluma, aone ngati pali dzina la mkazi wina. Anayang'ana, anakulitsa ndi zala, anayang'ananso.

"Palibe, agogo. Muli nokha."

Ndinadzuka ine, ndi mawondo angawa, ndinavina pakhonde lomwe lija. Sindinaitane, mayi, sindinaitane! Mdzukulu ankafuna kuti tilembe kalata yokonza mawu oti wamisala. Ndinakana. Alisunge momwemo, alimange bwino ndi chingwe chake, chiswe chisalikhudze. Boma lonse lija, ndi mfuti zake ndi thabwa lake, linasunga misala yanga zaka zonsezi, koma dzina la mayi anga silinalipeze.

Ufulu ena amauona pa mbendera. Ine ndimauona m'munda, pamene ndibzala chimene ndifuna, mbewu yaiwisi, n'kumera. Ndipo masiku ano ndikamaimba, ndimaimba chifukwa ndafuna.