Geti la pa wailesi ya a Ova

Amuna anga amakonza mafiriji, koma mukawafunsa ntchito yawo akuuzani za wailesi mpaka muiwale chimene munafunsa. Si wailesi yomvera nyimbo kapena mpira ayi. Ndi ija yolankhulirana, yomangirira pansi pa dashibodi m'pikapu, ya maiki ya chingwe chopotanapotana ndi eriyo yaitali padenga imene yathothola masamba a mitengo yonse ya mumsewu mwathu. Anthu amawatcha a Ova, chifukwa ngakhale popempha mchere patebulo amamaliza ndi liwu limenelo, lija la pa wailesi losonyeza kuti wamaliza kulankhula. Ine ndinkayesa ndakwatiwa ndekha, osadziwa kuti mkazi mnzanga anakhala kale kumpando wakutsogolo.

Pikapuyo payokha ndi yomvetsa chisoni. Chitseko cha mbali yanga timatsekula ndi waya, mpando unang'ambika, kumbuyo kuli masilinda a gasi ndi makompuresa akufa amene akuti adzagwira ntchito tsiku lina. Koma wailesi ili ndi kansalu kakekake kopukutira. Ine chikwatiwire palibe anandipukutapo thukuta ndi chikondi chotero.

Kagwiritsidwe kake anandiphunzitsa ndisanapemphe, ngati anaipanga ndi iwo. Ukafuna kulankhula umadina batani la pambali pa maiki. Ukafuna kumva mnzako umalisiya. Zonse ziwiri nthawi imodzi sizitheka. Kudinako amuna anga ndi katswiri. Kusiya ndiye kunawakanika kuyambira ku unyamata. Mwamwayi amene anapanga wailesiyo ankadziwa kuti kunja kuno kuli anthu ngati iwowa, ndiye anaikamo nzeru yoti munthu akachulutsa zonena imadzidula yokha. Kangati ndawaona akupitiriza ulaliki wa mabatire, wailesi itawasiya kalekale, omvera tili ine ndi chiwongolero.

Wailesiyo imamva matchanelo awiri pakamodzi. Kumanzere ndi kwa gulu lawo, kumene mawu amadzera pa makina ena ali paphiri, n'kumveka mwamphamvu tauni yonse. Kumeneko kuli akuluakulu a ndevu zawo, oti analemba mayeso n'kulandira laisensi, cholinga aziuzana kuti kwawo kwachita mitambo. Kumanja kunali kwa anthu awiri okha, iwo ndi a Mawotchi. Kumeneko kulibe makina othandiza, mawu amayenda okha kuchoka pa eriyo kufika pa eriyo inzake.

A Mawotchi ndi mdala wokonza mawotchi, woonda, wolankhula ngati mawu akuchita kugula. Ndi amene anaphunzitsa amuna anga zonsezi, ndipo wailesi yoyamba anawapatsa ndi iwo. M'mawa uliwonse popita kuntchito awiriwa ankacheza pa tchanelo chawocho. Amuna anga ankalankhula, mdala ankamvetsera, ndiye chibwenzi chinkayenda bwino kwambiri. Ndisabise, munthu amene amuna anga amamukonda mopanda chinyengo pa dziko lino ndi mdala ameneyu. Ine ndi ana timabwera pambuyo, ndipo tinazolowera.

Chinawadanitsa n'chiyani? Eriyo. Tsiku lina pa tchanelo cha gulu, anthu onse akumva, a Mawotchi ananena kuti eriyo yatsopano ya a Ova inadulidwa molakwika, mawu awo akumveka ngati munthu ali mumgolo. Amuna anga m'malo moseka anayankha kuti vuto si eriyo, koma makutu a anthu ena amene anayenera kupuma pantchito limodzi ndi mawotchi opukusa. Mdala anangoti, "Zikomo, ndamva." Nkhondo inayambira pomwepo. Usiku wake amuna anga anaikonza eriyo ija mwakabisira, koma zimenezo ndimadziwa ine ndi tochi.

Kuyambira pamenepo lamulo linali loti iwo sayamba kuitana. "Anandinyoza pagulu, ayambe ndi iwo," ankatero. Koma mbali ya kumanja ija sanaizimitsepo. M'mawa uliwonse ankakwera pikapu, kuyatsa wailesi injini isanalire, n'kumaponya diso kumeneko ngati mwana woyembekezera mayi ake pageti la sukulu.

"Bambo a ana, foni muli nayo m'thumba. Bwanji osangowaimbira?"

"Foni ndi ya anthu oitanitsa makala. Ife tili ndi njira yathu."

"Nanga kupitako? Galimoto ndi iyi."

"Mayi, nkhani za wailesi zisiyeni."

Ndinazisiya. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Masiku omwewo anagula tchaja ya foni yapamsewu, ija yobaya poyatsira ndudu. Chiibayireni, wailesi inayamba phokoso la shiii, ngati mvula padenga la malata. Apa pafunika ndifotokoze kachitsulo kena kopotokola kali pafupi ndi ka voliyumu. Eni ake amati sikwelichi, ine ndimangoti geti, chifukwa ntchito yake ndi imeneyo. Ukakapotokolera pang'ono, geti limatseka phokoso koma mawu a anthu amalowa. Ukapitiriza, limayamba kubweza mawu ofooka, kumangolola amphamvu okhaokha. Munthu wamba akanazula tchajayo n'kuitaya. Katswiri wanga anagwira geti n'kulipotokola mpaka linakana kupitirira. Wailesi inati zii. Anzawo a kuphiri aja ankamvekabe bwinobwino, poti mawu awo ndi onenepa.

"Mwaona, mayi a ana? Sayansi imeneyo."

Pagalasi la wailesiyo pamaoneka timizere tosonyeza kuti wina akuitana, ngakhale mawu asakumveka. Koma kuti munthu atione timizereto amafunika magalasi, ndipo amuna anga magalasi awo amakhala m'kabati, poti akuti amawakalambitsa.

Miyezi inapita. Tinamva kwa a gulu kuti a Mawotchi atseka kashopu kawo, thupi silili bwino, asamukira kwa mwana wawo wamkazi kutsidya kwa tauni, kunsi kwa nyumba zosanja. Pa tchanelo cha gulu anali atasiya kumveka. Amuna anga anangoti, "Munthu wolemekezeka akanatsanzika." Koma chakudya chinayamba kubwerera m'mbale, ndipo makasitomala anayamba kudandaula kuti firiji yabwera kokonzedwa ikutenthetsa madzi. Zinkandimvetsa chisoni, ngakhale sindinawauze.

Tsiku lina m'mawa ankandiperekeza kumsika. Titaima pa maloboti ndinaona dzanja likupita pa maiki, kubwerera, kupitanso. Kenako anadina.

"A Mawotchi, a Mawotchi, ndine Ova. Mulipo? Ova."

Anasiya batani. Ndinatsala pang'ono kuwomba m'manja, poti zimenezi zimaoneka mwa kamodzikamodzi. Wailesi inali phee. Anaitananso, mawu atatsika. Phee. Makutu awo anayamba kutentha ndikuona, chifukwa anali atadzichepetsa pamaso pa mkazi wawo popanda phindu. Anadinanso kachitatu.

"Chabwino. Khalani ndi mwano wanuwo, mudzafe nawo. Ine ndathana nanu."

Anakoleka maiki, maloboti n'kutsegula. "Ndayesetsa, mwaona nokha," anatero. Ndinavomera kuti ndaona. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, koma mwambi umenewo ndinaumeza, poti ndinkafuna kukafika kumsika.

Loweruka lina masana, iwo ali pansi pa firiji ya munthu pakhonde, ine ndikuyanika zovala, panafika mayi wina wovala yunifolomu ya kuntchito, chikwama chili m'khwapa. Moni anapereka, koma mpando anakana.

"Ndine mwana wa a Mawotchi. Bambo, ndabwera kudzangofunsa. Bambo anga anakulakwirani chachikulu chotani?"

Amuna anga anatuluka pansi pa firiji, sipanala ili m'manja, n'kuyamba kukonza kukhosi kuti ayambe mbiri ya eriyo. Mayiyo sanawapatse mpata.

"Wailesi yawo yaikulu sitinathe kuimanga kwathu, eni nyumba anakana eriyo. Anatsala ndi kakang'ono ka m'manja. Kuphiri kuja sikafika. M'mawa uliwonse ndinkawakhazika pawindo, iwo n'kumakuitanani pa tchanelo chanu chija. Inu pagulu ankakumvani bwinobwino mukuseka ndi anzanu. Ankati, kapena ali kutali, mawa adutsa pafupi."

"Sanaitanepo," anatero amuna anga, koma mawu anatuluka opyapyala.

"Tsiku munaitana lija ndinali pomwepo. Anayankha msangamsanga mpaka kugwetsa kapu. Anati, ndilipo mwana wanga, ndilipo, za eriyo zija ndinalakwa ndine. Anabwereza. Ndiye inu munayankha zimene munayankha."

Amuna anga anayang'ana mayiyo, kenako pikapu. Ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono, ndipo ndinadziwa kuti sayansi ija yawafika pamtima. Palibe anawauza. Anazindikira okha, poti wailesi amaidziwadi.

"Ali kuti pano?"

"Ali kunyumba. Sabata yatha anachita sitiroko, pakamwa sipakutuluka mawu. Dzanja limodzi ndi limene likugwira. Kawailesiko akukana kuti tikazimitse, kali papilo."

Amuna anga anaponya sipanala, ulendo ku pikapu. Ine ndinatsatira, mayi uja pambuyo panga. Anazula tchaja ija n'kuiponya pawindo, inakagwera m'maluwa anga. Kenako anagwira geti lija n'kulibweza mpaka kumapeto. Phokoso la shiii linadzaza galimoto yonse, poti geti likatseguka lonse limalowa ngakhale tchaja palibe. Anatenga maiki.

"A Mawotchi, ndine. Ndinatseka geti, bambo. Sindinkakumvani. Sindinamve chilichonse. Zija ndinanena zija, pepani. Ngati mukundimva, dinani batani. Ova."

Munthu amene wailesi imachita kumudula, tsiku limenelo anathera pomwepo. Anasiya batani, maiki n'kuiika pantchafu.

Tinadikira. Ine mumtima ndinali nditayamba kale kukonza mawu owatonthoza, ndipo sankapezeka. Phokoso linkangopitirira. Kenako linadukiza pang'ono, ngati wina waika dzanja pakamwa pa wailesi, n'kubwerera. Linadukizanso kachiwiri. Mdala ankadina batani.

Mayi uja anatembenukira kumpanda, chikwama atachikumbatira. Amuna anga anagwetsa mutu pachiwongolero, mapewa akugwedezeka. Chikwatiwire ndinali ndisanawaonepo akulira, ndipo sindinasangalale nazo ngati mmene ndinkaganizira.

Atadzuka anafuna kudinanso. Ndinawalanda maiki.

"Iyayi, zakwana. Lizani galimoto. Munthu ali kutsidya kwa tauni, si kumwezi."

Sanatsutse. Mayi uja tinapanikizana naye kutsogolo, ine ndikugwira chitseko ndi waya. Njira yonse wailesi inali shiii, mutu kuchita kuwawa, koma palibe anayerekeza kukhudza kachitsulo kaja. Pa maloboti aja phokoso linadukizanso, ndipo amuna anga, maso ali pamsewu, anayankha osagwira n'komwe maiki.

"Tikubwera, bambo. Tili pafupi."