A Mesenjala ndi Chitsulo Choyendera

Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi a Mesenjala ankayenda ndi mafayilo a anthu ena. Ankawatenga pa tebulo la bwana wamng'ono kupita nawo kwa bwana wamkulu, bwana wamkulu n'kulembapo kuti "onaninso", iwo n'kubwerera nawo komwe achokera. Nsapato zinatha zosawerengeka pa ulendo wa zitseko zinayi zomwezomwezo. Sanatayepo fayilo, sanasuzumirepo m'kati mwake, ndipo sanalembepo m'buku lolandirira makalata kuti afika naini koloko pamene afika teni. Atapuma pa ntchito anapatsidwa wotchi yapakhoma ndi kalata yowayamikira, yomwe anachita kukaitenga okha kwa bwana wamkulu poti mesenjala watsopano anali asanalembedwe.

Dzinalo linawatsatira mpaka kunyumba. Ngakhale akazi awo akapsa mtima ankati, "Inu a Mesenjala!"

Sitiroko inawapeza m'mawa wina akupolisha nsapato zomwe analibenso kopita nazo. Inatenga mwendo wakumanzere, inafooketsa dzanja, koma pakamwa inasiya bwinobwino, zomwe akazi awo ankati sitirokoyo sinasankhe bwino.

Atatuluka m'chipatala anawalembera mafizo, masewera olimbitsa thupi la wodwala, Lachiwiri lililonse kwa milungu isanu ndi itatu. Chipinda cha mafizo chinali ndi mabedi awiri, njinga yopalasa yosapita kulikonse, ndi mzere woyera woyeserapo kuyenda wopentedwa pansi. Mwini chipindacho anali mayi wamfupi yemwe odwala ankamutchula kuti a Kwezani, chifukwa tsiku lonse pakamwa pake pankatuluka mawu amodzi: "Kwezani mwendo, agogo! Kwezani!"

Chimene a Mesenjala ankafuna chinali chimodzi: chitsulo choyendera, chija cha miyendo inayi, kuti azipita okha kuchimbudzi. Kunyumba ankachita kunyamulidwa ngati thumba la simenti, mbali iyi akazi awo, mbali iyo mkamwini. Mkamwiniyo anali munthu waulemu, ankayang'ana kudenga nthawi yonseyo, koma ulemu wakewo ndiye unkapweteka kuposa mwendo. A Mesenjala anayamba kukana madzi akumwa kuti maulendowo achepe.

Zitsulo zoyendera chipatala chinali nazo khumi ndi ziwiri, zatsopano, zokuta m'mapulasitiki, m'sitolo yosungiramo katundu yomwe inali pa kolido imodzi ndi chipinda cha mafizo. Kuti munthu abwerekedwe chimodzi, panali fomu ya mabokosi atatu, yodzazidwa pa mlungu womaliza. Wolephera kuyenda masitepe khumi amalembedwa kuti ndi wapabedi, amachotsedwa pa mafizo, abale n'kupatsidwa kapepala kowaphunzitsa kumutembenuza. Wa masitepe khumi mpaka makumi awiri amapatsidwa chitsulo. Woposa pamenepo amapatsidwa ndodo. Mwachidule, kuti upatsidwe chitsulo unkayenera kusonyeza kuti umatha kuyenda nacho, ndipo kuti uthe kuyenda nacho unkayenera kukhala nacho. Amene anakonza fomuyo ayenera kuti anakwezedwa pa ntchito.

Chitsulo chophunzirira chinalipo chimodzi, chakale, ndipo aliyense ankachigwira mphindi khumi ndi zisanu. A Mesenjala ankafika masitepe asanu ndi limodzi n'kukhala pansi.

"Kunyumba akuyeserera?" a Kwezani anafunsa akazi awo pa mlungu wachinayi.

"Amapuma, adokotala."

"Ndinakuuzani kuti azigwira mpando n'kumaimirira. Kapu azinyamula okha. Mabatani azimanga okha."

"Ine ndili pomwepo, manja awiri ndili nawo, mwamuna wanga azilimbana ndi batani? Anthu aziti chiyani?"

"Aziti akuchira."

"Aziti ndatopa nawo."

Apa ndiye panagona nkhani. Mayiwo anakwatiwa ndi munthu amene tsiku lonse ankatumidwa, ndipo analumbira kalekale kuti m'nyumba mwawo yekha sadzatumidwanso ndi aliyense. Matenda atabwera, lumbirolo linakula. Ankawamwetsa tiyi, kuwapukuta pakamwa, kuwaveka masokosi. A Mesenjala akangogwira mpando kuti adzuke, mayi ankatulukira kuchokera kukhitchini, sopo ali m'manja.

"Mukufuna chiyani, bambo? Nenani!"

"Ndikufuna kuimirira."

"Mukaimirira mupite kuti?"

"Ndingoimirira basi, mayi. Kodi kuimirira kumafunanso chilolezo?"

"Mukagwa adzakudzutsani ndani? A Kwezani anuwo? Khalani pansi. Munayenda zokwanira."

Iwo ankakhala pansi. Moyo wawo wonse sanatsutsepo mwini ofesi ali mu ofesi yake.

Lachiwiri lomaliza anavala jekete ndi nsapato zopolisha. Mkamwini anawasiya pa chikuku pakhomo la mafizo n'kuthamangira kuntchito. A Kwezani anatsegula fayilo, anaiyang'ana, n'kuitsekanso.

"Pali kavuto pang'ono, agogo. Sindingakuyeseni fomuyi isanadindidwe ku sitolo, kutsimikiza kuti chitsulo chilipo."

"Si izo zikuoneka pawindo?" anatero mayi.

"Maso si chidindo, mayi."

"Ndiye kadinditseni."

"Ine sindiloledwa kusiya odwala okha. Mafayilo amayenda ndi mesenjala."

"Nanga mesenjalayo ali kuti?"

"Ali ku maphunziro a kayendetsedwe ka mafayilo. Abwera Lolemba."

Mayi analanda fayiloyo n'kupita nayo okha. Sipanapite mphindi ziwiri anabwerera nayo, nkhope ili gwa. Kalaliki wa sitolo anawauza kuti fayilo amailandira kwa wogwira ntchito kapena kwa mwini wake, osati kwa wachibale. Ndipo ikapanda kudindidwa lero, milungu isanu ndi itatu yakwana, itsekedwa yokha. Fayilo yopanda nambala ya masitepe imapita m'bokosi loyamba.

A Mesenjala sanali kuyang'ana akazi awo, sanali kuyang'ana a Kwezani. Maso awo anali pa fayilo ija, ili pa bedi, yopanda woinyamula, pepala limodzi litatulukira kunja ngati lilime.

"Fayilo siigona pa bedi," anatero. "Ndipatseni."

"Bambo, khalani pansi!"

"Mayi, apa si panyumba."

Analowetsa pepala lija bwinobwino, anapanira fayilo m'khwapa mwa kumanja, anagwira chitsulo chakale chija, n'kudzuka. A Kwezani anawagwira lamba kumbuyo. Lamulo limaletsa kusiya odwala, koma sililetsa kutsatira wodwala amene akuthawa.

Mzere woyera anaupitirira osauyang'ana. Anatuluka pakhomo. Mwendo wakumanzere unkakhwekhwereza nsapato pa simenti, thukuta likutsikira m'kolala, koma khwapa silinamasuke. Anthu odikira pa benchi anabweza mapazi. Mayi ankabwera pambuyo akukankha chikuku chopanda munthu, akung'ung'udza, "Agwa. Ine ndanena. Agwa," mpaka mawuwo anawathera pakamwa.

Pa windo la sitolo a Mesenjala anaima, anapuma kawiri, n'kugogoda ndi chala ngakhale kalaliki anali kuwayang'ana.

"Fayilo, bwana. Yachangu."

Kalaliki anadinda. Kenako anafunsa a Kwezani, "Nanga poti madalawa ayenda kale, tingolemberatu. Angati?"

"Khumi ndi asanu ndi anayi," anatero a Kwezani, maso ali pakhoma.

Kalaliki anali atatsitsa kale cholembera. Sanali munthu woipa, ankangofuna nambala.

"Makumi awiri ndi atatu," anatero a Mesenjala.

"Agogo, ine ndimawerenga."

"Inenso ndimawerenga, mwana wanga. Kuyambira pa bedi mpaka pa windo, makumi awiri ndi atatu."

"Inu a Mesenjala!" mayi anawatsina pa mkono wabwinowo. "Akuti khumi ndi asanu ndi anayi. Adokotala ndani pano?"

"Zaka makumi atatu ndi chimodzi sindinalembetsepo bodza pa pepala la ofesi. Ndiyambe lero, pa fayilo yanga yomwe?"

Kalaliki anakweza mapewa, anachonga bokosi lachitatu. Woposa masitepe makumi awiri safunika chitsulo, amapatsidwa ndodo. Ndodo zinatha chaka chatha, koma anawalemba pa mndandanda wa odikira, ndipo anawayamikira kuti achira msanga. A Kwezani anatenga chitsulo chakale chija, poti wodwala wina anali kuchidikira, ndipo kwa nthawi yoyamba anachoka osauza munthu kuti akweze kalikonse.

Anabwerera kunyumba. Mayi anawakhazika pa mpando, analowa kuchipinda, anatsegula sutikesi, n'kutulutsa envelopu yaikulu momwe munali kalata ija yowayamikira. Anaiponya pamiyendo pawo. Kenako anakoka mpando wolimba wa pa tebulo lodyera n'kuuimika patsogolo pawo, chotsamira chili kwa iwo.

"Tiyi ali kukhitchini," anatero. "Envelopuyo ndikuifuna komweko. Yachangu."

"Mwayamba kundituma, mayi?"

"Munthu wa masitepe makumi awiri ndi atatu ndimumwetse ine? Anthu aziti chiyani?"

Anapita kukaima kuseri kwa chitseko cha khitchini, atagwira nsalu pakamwa, akumvetsera mpando ukukhwekhwerezeka pa simenti. Unaima. Unayambanso. Mwendo umodzi wa mpandowo umagwedera, ndipo tsiku lina udzathyoka. A Kwezani akanauona akanakomoka. Koma kuchimbudzi a Mesenjala amapita nawo okha, envelopu ili m'khwapa, ndipo mkamwini anasiya kuwerenga malata a kudenga.

Zitsulo khumi ndi ziwiri zija zikadali m'mapulasitiki. Mwezi uliwonse kalaliki amaziwerenga, ndipo palibe chimene chinasowapo.