Chitoliro cha a Elson pa Ukwati wa ku Tsangano

A Elson Kachingwe a ku Tsangano ndi mlimi wa kachewere, koma kwa zaka makumi atatu akhala akuliza chitoliro chansungwi m'kwaya ya kutchalitchi kwawo. Manotsi a nyimbo sadziwa kuwerenga, ndipo sachita nazo manyazi.

Chaka chatha mphunzitsi watsopano wa kwaya, mayi Lufina, anabwera ndi laputopu yokhala ndi pulogalamu yolembera nyimbo. Pokonza nyimbo yotulutsira akwati, anaika mzere wautali kumapeto woti chitoliro chilire chokha. Kompyuta inauimba mokoma zedi.

"Pamenepo fufutani, mayi," anatero a Elson. "Chitoliro chilire koyambirira."

"Bambo, kodi simunamve kukoma kwake?"

"Ndamva. Koma kompyuta yanuyo inayamba yapitako ku ukwati wa kuno?"

Mayi Lufina anakanitsitsa kusintha. Tsiku la ukwati, kwaya itangofika pamzerewo, amayi onse anadzuka n'kuimba nthungululu monga achitira nthawi zonse akwati akamatuluka, mpaka malata kunjenjemera. A Elson sanadzivute n'komwe kuuzira. Anapisa chitoliro m'thumba la jekete, nayang'ana mayi Lufina, n'kuyamba kuwomba m'manja.