Chala cha Amayi Chinaloza ku Joni

Mdzukulu wanga Tamanda, yemwe akuphunzira sayansi ku yunivesite, anagwira mphete ya malemu amayi imene ndimaivala pakhosi, nati, "Agogo, mukudziwa kumene golide anachokera? Nyenyezi ziwiri zakufa zikawombana pamaphulika kuwala koopsa kotchedwa gama, kosaoneka ndi maso. M'moto umenewo ndimo mumapangika golide ndi zitsulo zina zolemera."

Mtima wanga unali utafika kale kwathu ku Bembeke, masiku a ubwana wanga.

Bambo anali kumigodi ku Joni, ndipo mpheteyo anachita kutumiza kuchokera kumeneko. Madzulo ena tikuchokera kokumba kachewere, mphepo ikuluma makutu, ndinawafunsa amayi kuti Joniyo ali kuti. Anatula dengu, n'kukweza dzanja la mphete lija, dothi lili mbuu, kuloza kummwera.

"Uko, mwanawe. Ndi kumene abambo ako akukumba golide."

Iwo ankanena kuseri kwa mapiri, koma maso anga anapitirira chala mpaka pa nyenyezi imene inali itangotuluka.

Kusukulu ya mishoni ndinakanena molimba mtima kuti golide amakumbidwa ku nyenyezi. Kalasi yonse inafa nako kuseka, asisitere mpaka kupukuta misozi, ndipo dzina loti Nanyenyezi linandikanirira mpaka ndinakwatiwa. Komabe madzulo aliwonse ndinkaima kuseri kwa khola n'kumaibayibitsa nyenyezi ija, kuti bambo andione.

Lero, imvi zili mbuu, ndi pamene ndikumva kuti sindinaname. Golide anachokeradi kumwamba kuja, kungoti bambo anakamufunira pansi pa nthaka, ndipo nthakayo sinatibwezere bambo wathu.