Munthu wa M'kati mwa Bakha

Anthu a mumsewu wawo ankawatchula kuti a Thukuta, chifukwa tsiku lililonse ankaweruka kuntchito malaya atanyowa ngati agwera m'chitsime. Ena ankati amaphika buledi, ena ankati amasonkhezera moto kufakitale. Eni akewo ukawafunsa ankangoti, "Ndimagwira kupaki," nkhani n'kuthera pomwepo.

Pakiyo inali ya ana. Munali akatungwe, kasitima kozungulira dziwe, timahatchi tamatabwa, ndi bakha wamkulu wachikasu dzina lake Dodoli. Nkhope ya Dodoli inali pa makapu, pa zikwama za sukulu, ngakhale pa kanema Loweruka m'mawa. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, munthu amene ankakhala m'kati mwa bakhayo anali a Thukuta. Chimutu chake chinkalemera ngati ndowa yodzaza, ndipo ankaonera pa kansalu kakuda ka m'kamwa. Lamulo la abwana linali limodzi: mwana asadziwe kuti m'katimo muli munthu, ngakhale mwana wako wobereka wekha.

Mwana anali naye mmodzi, wamkazi, ndipo mwanayo ankamukonda koopsa Dodoli.

"Anzanga amapita kupaki ndi abambo awo," ankadandaula motero. "Inu mumagwira komweko koma sitikuonani."

"Ndimakhala kuseri, kumakina," ankayankha a Thukuta.

Pakhoma la pabalaza panali chithunzi cha mtsikanayo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mano akutsogolo ataguluka, atakumbatira chimimba cha bakha. A Thukuta ankachiyang'ana akamavula nsapato, n'kumamwetulira okha. Tsikulo ankalikumbukira bwino: timanja tikuwafinya m'nthiti, iwo ataluma mlomo kuti asamutchule dzina.

Kenako paki inatsekedwa. A Thukuta anakalowa ulonda pa sitolo ya matayala mpaka miyendo inayamba kukana, akazi awo n'kumwalira, mwana uja n'kukhala namwino, n'kuberekanso wake wamkazi. Za bakha anali asanamuuzebe namwinoyo. Palibe amene anabwera kudzawauza kuti lamulo lija linatha.

Tsiku lina namwinoyo anafika ndi mwana wake, nkhope ili ngwee.

"Ababa, valani jekete. Paki ija ayitsegulanso."

Atafika, a Thukuta anaima pageti n'kumatembenuka uku ndi uku. Geti linali pamene kale panali zimbudzi. Dziwe panalibe. Pamkono anawamanga kalamba kapepala ngati wodwala wogonekedwa m'chipatala. Ali m'kati mofunsa kumene kunapita kasitima, mdzukulu wawo anakuwa.

"Dodoli! Agogo, Dodoli uyo!"

Anayang'ana. Kunkabwera chinthu choonda, chabuluu, chovala nsapato zothamangira ndi kapusi yoloza kumbuyo.

"Ameneyu ndiye ndani?"

"Dodoli, agogo!"

"Wadwala?"

"Si ameneyu ayi," anatero namwino, mawu akumveka kukhumudwa. "Dodoli weniweni anali wachikasu, wonenepa."

"Amayi, inu simumudziwa. Dodoli ndi wabuluu chibadwire. Ali mufoni mwanumo."

Mayi ndi mwana anakangana mpaka anafika pa kachipinda kosungiramo zinthu zakale za pakiyo. M'bokosi lagalasi munali chimutu chachikasu chija. A Thukuta anachizindikira pomwepo, chifukwa kumanzere kunali pophwanyika pamene anagunda chitseko chaka chawo choyamba. Pambali pake panali chithunzi cha bambo wina, pansi atalemba kuti ameneyu ndiye ankavala Dodoli. A Thukuta anavala magalasi, n'kuwavula, n'kuwavalanso. Sanali iwo. Anali mnzawo wina wamtali, malemu tsopano, amene ankawalandira ntchito tsiku limodzi pa sabata.

"Bodza ili!" Mawu anatuluka okha, anthu mpaka kucheuka. "Uyu ankangovala Lamlungu basi. Masiku ena onsewo ndinali ine!"

Namwino anayamba kuseka, kenako anasiya. Anayang'ana chimutu, n'kuyang'ana bambo ake.

"Inu, ababa? Nanga makina aja?"

"Kunalibe makina."

"Amayi ankadziwa?"

"Ankandisokera mapiko akang'ambika."

Namwino anakhala pabenchi, chikwama chili pamiyendo. Kenako anadzutsa mutu.

"Komatu chithunzi chathu chija tinajambulitsa Lamlungu."

"Linali Loweruka."

"Lamlungu, ababa. Diresi ndavala pamenepo ndi la kutchalitchi. Inu munatsala kunyumba, munati msana ukupweteka."

A Thukuta anayang'ananso chimutu chija. Timanja tija ankatimvabe m'nthitimu. Koma nanga ana amene anawakumbatira pa zaka zonsezo anali angati? Oguluka mano anali angati? Mdzukulu anawakoka jekete n'kufunsa ngati chibakha chachikasucho chinawameza, iwo n'kungovomera ndi mutu osamva n'komwe funsolo.

Atabwerera kunyumba anatsitsa chithunzi chija n'kupita nacho pawindo. Anayeza kutalika kwa bakhayo ndi chala, kuyerekeza ndi mpanda umene unali kumbuyo kwake. Anayang'ana mapazi. Anachitulutsa m'felemu kuti aone kuseri, koma kunali chidindo cha wojambula chokha, deti litafufutika. Bakha anali bakha basi. Namwino ananena kuti mwina iye ndiye wasokoneza, poti diresilo ankalivalanso masiku ena, koma ananena ndi mawu amene amatonthozera odwala, ndipo bambo ake anawazindikira mawuwo.

Patapita sabata, aphunzitsi a mdzukulu uja anatumiza uthenga woti kubwere munthu wamkulu. Mwanayo anali atauza kalasi yonse kuti agogo ake anamezedwa ndi bakha n'kukhala m'mimba zaka zambirimbiri, ndipo anamenya ndi rula mnzake amene anamutsutsa. Namwino anali kuntchito, choncho anapita a Thukuta.

Anafotokoza mmene akanathera, ataima kutsogolo kwa bolodi, chipewa chili m'manja. Ana sanakhulupirire.

"Ngati ndi zoona, yendani ngati Dodoli!" anatero wina kumbuyo.

A Thukuta anaika chipewa patebulo. Anatambasula miyendo, n'kupinda mikono m'chiuno, n'kuyamba kuyenda chopendama, masitepe atatu kenako kugwedeza kumbuyo kawiri. Bondo linalira, koma thupi linakumbukira lokha.

"Sayenda choncho!" anakuwa anawo. "Dodoli amadumpha!"

A Thukuta anaima, manyazi atawagwira, n'kutembenukira kwa aphunzitsi kuti apepese. Aphunzitsiwo, mayi wa imvi zingapo, anali atagwira pakamwa ndi manja onse awiri, choko chitagwera pansi.

"Abambo," anatero chapansipansi, "tabwerezaninso kamodzi."