Mapazi a a Yelemiya

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, mwana womaliza, wamatama ndithu, ndipo matama anga onse anali pa abambo anga. Anali mkulu wa mpingo kwathu kwa Kabudula, munthu woti akangotsokomola m'tchalitchi ana tonse tinkati zii. Koma chaka chilichonse m'mwezi wa Meyi, pa tchuthi chokumbukira pulezidenti woyamba wa dziko lino, ankandichititsa manyazi. Anthu ankatchena kupita kubwalo la sukulu, amayi achikulire atatulutsa nsalu zawo zakale za nkhope ya pulezidentiyo kuti akavine. Abambo ankavala malaya ong'ambika, khasu paphewa, ulendo kukakumba mtedza m'munda mwa a Yelemiya. Mkulu wa mpingo wathunthu, pa ganyu wosalandira kanthu!

A Yelemiya sanali m'bale wathu. Anali bambo wachikulire woyenda motsimphina, wa chipembedzo chija chimene anthu ake kale ankakana kugula khadi la chipani.

Chaka chimenecho aphunzitsi anandisankha kuti ndikalakatule ndakatulo yotamanda pulezidentiyo, ndipo ndinkafunitsitsa abambo akandione. Nthawi yanga itayandikira iwo osaoneka, ndinathamangira kumundako.

Ndinawapeza atawerama pamzere, thukuta lili chuchuchu. A Yelemiya anali khale pansi pa mtengo wa mango, akuthothola mtedza. Anali atavula nsapato, ndipo aka kanali koyamba kuona mapazi awo. Anali opindika, a zipsera zokhazokha, zala zina palibe.

"Abambo, anzanga onse makolo awo ali kubwalo," ndinatero misozi ili pafupi. "Inu muli kuno ngati wantchito wa munthu!"

A Yelemiya anandiyang'ana, kenako anayang'ana abambo. "Kodi mwanayu simunamuuze, eti?"

Abambo anaweramuka pang'onopang'ono n'kutsamira mpini wa khasu.

"Waona mapazi awo? Ndine. Ndinali mnyamata wa chipani. Tinawamangirira pamtengo chifukwa cha khadi, ndipo amene anagwira chibonga ndine. Tikuwamenya tinkaimba nyimbo yomweyo ukuimvayo."

Ng'oma za kubwalo zinkamvekadi mpaka kumundako. Ndinakhala pansi pafumbi ndi yunifolomu yanga yochapa. Maso anga anali pa manja a abambo, manja omwe ankagawa mkate wa mgonero, omwe ankandigwira pamphumi malungo akandibwerera. Ndinadikira kuti aseke, anene kuti amangondiopseza. Sanaseke.

Chimene chinandizunguza mutu kwambiri n'chakuti a Yelemiya anangoloza ndi ndodo yawo. "Pamenepo mwasiyapo mtedza, a Sitefano. Kumbani bwino." Abambo anawerama n'kukumbanso.

Ndakatulo sindinalakatule. Kwa nthawi yaitali sindinkafuna kuti abambo andikhudze. Akandipatsa chinthu ndinkadikira achiike pansi ndiye nditole. Iwo ankaona zonsezi, koma sanandikalipire, ndipo sanayesepo kudziyeretsa.

Lero ndine mayi wa ana atatu. Tsikuli likafika ndimamva anthu akukangana pa wailesi, ena akuwerenga misewu ndi zipatala, ena akuwerenga ndende ndi anthu osowa. Onsewo amakamba za munthu mmodzi, ngati kuti zabwino ndi zoipa zonse anazichita yekha ndi manja ake. Koma pulezidentiyo sanafikepo pamtengo pomwe anamangirira a Yelemiya. Chibonga anagwira ndi munthu wa m'mudzi momwemo, yemwe anadzandibereka ine. Anzawo ambiri anakalamba akunena kuti inali nthawi yake, iwo ankangotumidwa. Abambo anga, mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, sindinawamvepo akunena kuti anachita kutumidwa. N'chifukwa chake ndinatha kuwagwiranso dzanja.